Mkazi wosewera m'filimu ndi wantchito, tisamutche wolowerera

FÍNGOÈ — Abale ndi alongo a m'boma lino la Marávia, kuyambira pano pa Fíngoè mpaka ku Malowera, ku Chiputo ndi ku Chipera, lero tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaiyesa yachibwana. Dzuwa likalowa timadzazana m'tinyumba ta kanema pamsika, ena timaunjikana pa foni imodzi yotchajidwa ndi sola, kuonera mafilimu a ku Nigeria, a ku Malawi, a ku Zambia ndi ankhondo aja omasuliridwa m'Chichewa. Timaseka, timalira, ndipo m'mawa mwake kuchitsime timakangana za mkazi wa m'filimuyo ngati ndi mnansi wathu. Komatu mwana wamkazi wa pakhomo pathu akangoti, "Amayi, ndikufuna kulowa gulu la zisudzo la kusukulu," nkhope zimasintha. Bambo amati mwanayu wayamba kulowerera, azakhali amati akatengako mimba, malume amati ndani adzamukwatira, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ine ndikuti pamenepa tikulakwa kawiri. Tikunyoza ntchito imene ife tomwe timaikonda, ndiponso tikuidya osalipira. Kuti mumvetse chimene ndikunena, tiyeni titsate mapazi a mayi mmodzi wolankhula chinenero chathu chomwechi, mayi Flora Suya a ku Malawi.

Mayi Suya adayambira pa zisudzo za pansanja, zija osewera amaima pamaso pa anthu m'holo popanda makina ojambulira. Ku Malawi njira imeneyi adali atailambula kale amayi ena. Mayi Gertrude Kamkwatira adatsogolera gulu la Wakhumbata mwini wake Du Chisiza atamwalira mu 1999, pambuyo pake adayambitsa gulu lawolawo la Wanna-Do, nalemba masewero ndi kuwasewera kufikira imfa yawo mu 2006. Kotero a Malawi adali ataona kale ndi maso awo kuti mkazi angathe kusenza sewero lonse pamutu pake.

Dzina la Flora Suya lidadumpha malire chifukwa cha filimu yotchedwa Seasons of a Life, imene adakonza bambo Shemu Joyah. Bambo amenewa ntchito imene adaphunzira ndi yoyeza malo, ndipo filimuyo adaipanga ndi kakampani kawo ka FirstDawn Arts potapa m'thumba mwawo. Amenewa ndiwo amatchedwa mafilimu a anthu oima paokha: palibe kampani yaikulu kumbuyo, munthu amangosonkhanitsa anzake, ndalama zake ndi nkhani imene ikumuvutitsa mumtima.

M'filimuyo mayi Suya adasewera ngati Sungisa, mtsikana wantchito ya m'nyumba amene bwana wake adamugona namupatsa mimba. Mtsikanayo adakakamizika kusiya mwana wake kuti apitirize sukulu, ndipo patapita zaka 6 adabwerera kudzamenyera mwanayo kukhoti. Tsono ndikufunseni, ndani mwa ife sadziwa mtsikana amene adapita ku Tete, ku Songo, ku Katete kapena ku Petauke kukagwira ntchito ya m'nyumba, nabwerako ndi mimba yopanda mwini? Nkhani zotere kwathu kuno timazikambira kuseri kwa nkhokwe, monong'ona, ndipo wolakwa amakhala mtsikana nthawi zonse. Flora Suya adainyamula nkhani imeneyi naiika poyera, kuti bwana ndi mkazi wake omwe aione.

Mu 2010 mpikisano wa mafilimu a mu Africa wotchedwa Africa Movie Academy Awards, umene udachitikira ku Yenagoa m'dziko la Nigeria, udaika dzina la mayi Suya pa mndandanda wa amayi osewera bwino koposa. Mphoto ya chigawo chimenecho idapita kwa amayi a ku Ghana, koma mnzawo wa m'filimu yomweyo, mayi Tapiwa Gwaza, adabwerera ku Malawi ndi mphoto ya wosewera wothandizira.

Mu 2012 bambo Joyah adatulutsa filimu yachiwiri, The Last Fishing Boat. M'menemo mayi Suya ndi Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa msodzi wina dzina lake Yusufu, pamudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi pamene nsomba zikutha ndipo alendo achizungu odzaona nyanja akuchuluka, wina mwa iwo n'kuyamba kumuponyera maso mkaziyo. Abale athu okhala m'mbali mwa damu la Cahora Bassa, kumwera kwa boma lathu lino, akudziwa bwino zimene zimachitika pabanja la msodzi ukonde ukayamba kubwera wopanda kanthu ndipo ndalama zili m'manja mwa obwera. Mu 2013 dzina la mayi Suya lidalowanso pa mndandanda wa mpikisano uja.

Chaka chomwecho, pa mpikisano womwewo, mphoto ya mayi wosewera wothandizira idabwera kuno ku Moçambique. Adailandira ndi mayi Hermelinda Cimela chifukwa cha filimu ya bambo Licínio Azevedo yotchedwa Virgem Margarida, ya mu 2012. Filimu imeneyi ndifuna makolo muimvetsetse. Ikunena za chaka cha 1975, dziko litangolandira ufulu, pamene asilikali adasesa akazi m'misewu ya mumzinda waukulu powaganizira kuti ndi mahule, nawatumiza kumisasa ya kutchire kumpoto kuti akati akawongoledwe. Pakati pawo adatengedwa Margarida, mtsikana wakumudzi amene sadadziwepo mwamuna, mlandu wake kungopezeka mumsewu wopanda chiphaso. Mayi Cimela adasewera ngati mtsogoleri wa asilikali aakazi oyang'anira msasawo. Phunziro lake n'lakuti dzina loipa likamatidwa pa mtsikana popanda kufufuza, limawononga moyo wa munthu wosalakwa. Dzina lomwelo ndi limene ife timafulumira kumata pa mtsikana wokonda zisudzo.

Tibwerere kwa mayi Suya. Adawoloka malire kupita ku Zambia kukasewera m'filimu ya bambo Owas Ray Mwape yotchedwa Chenda, ya mu 2015, ngati mkazi wapabanja amene akusowa mphatso ya mwana, mwamuna wake n'kuyamba kuyang'ana kunja. Pambuyo pake adaleka kudikira kuti wina awaitane, adalemba ndi kukonza filimu yawoyawo, My Mother's Story, yonena za mayi wolera yekha ana. Mnzawo wina, mayi Joyce Mhango Chavula, adachitanso chimodzimodzi, ndipo filimu yawo yotchedwa Lilongwe idapambana mu 2016 pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria ngati filimu yabwino koposa ya kumwera kwa Africa.

Taonani ntchito zimene mayi mmodziyu wasenza: wantchito wogwiriridwa, mkazi wa pamitala, mkazi wosabereka, mayi wosiyidwa ndi ana. Kodi imeneyi ndi mbiri ya munthu wolowerera? Ameneyu ndi munthu amene wakhala akulankhula m'malo mwa alongo athu ndi amayi athu amene sangathe kuima pabwalo la mfumu n'kunena zakukhosi.

Ena amati kusewera si ntchito, n'kungovala bwino ndi kumwetulira. Amene amatero sadziwa mmene filimu imapangidwira. Wosewera amaloweza mawu a masamba ambirimbiri. Kachigawo kamene inu mumakaona kwa mphindi imodzi kangathe kujambulidwa kakhumi, chifukwa tambala walira pafupi, kapena mtambo waphimba dzuwa, kapena wina waiwala mawu. Sajambula motsatana ngati mmene nthano imayendera ayi. Amajambula malinga ndi malo, kotero mayi angathe kulira maliro m'mawa, masana n'kuvina ukwati umene m'nkhaniyo udachitika zaka zambiri maliro asanagwe, ndipo misozi iyenera kutuluka nthawi iliyonse wotsogolera akalamula. Amadzuka mbandakucha, amaima padzuwa tsiku lonse, amagona kutali ndi ana ake kwa masabata. Kujambula kukatha, pamapita miyezi akulumikiza zithunzi ndi mawu pa kompyuta. Amene adalimapo munda wa thonje kapena wa fodya akudziwa kuti chimene chimaoneka pamsika ndi kachigawo kochepa ka thukuta lonse.

Koma ndinene chilungamo, pakuti wokutsina khutu ndi mnansi. Ntchito imeneyi payokha siidyetsa munthu chaka chonse kuno kwathu. Bambo Joyah, amene ndi mmodzi mwa odziwika kwambiri ku Malawi, filimu yawo yachiwiri idatuluka mu 2012, yachitatu, The Road to Sunrise, idatuluka mu 2017, ndipo m'menemo wotsogola adali mayi wina, Mirriam Phiri. Werengani nokha zaka zimene zili pakatipo. Wosewera amene akudikira kuitanidwa angathe kukhala zaka zingapo osajambulidwa, ndipo chikho cha mphoto sichigula ufa. N'chifukwa chake amayi ngati Flora Suya ndi Joyce Chavula adaphunzira kulemba, kutsogolera ndi kufunafuna ndalama okha.

Nanga n'chifukwa chiyani zili chonchi? Akuluakulu akukumbukira kuti dziko lathu litalandira ufulu, boma lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, ndipo magalimoto ankayenda m'maboma kuonetsa nkhani za Kuxa Kanema pansalu yoyera. Masiku amenewo wojambula ndi wosewera adali ndi boma kumbuyo kwawo, ndipo mayi Ana Magaia adasewera m'filimu ya O Tempo dos Leopardos ya mu 1985. Nkhondo idatseka misewu, ndipo mu 1991 moto udawononga nyumba ya bungwelo ku Maputo. Kuchokera pamenepo opanga mafilimu adayamba kudziimira paokha, kupempha thandizo kumaiko akunja ndi kudalira anthu oonera.

Apa ndiye pafika kulakwa kwathu kwachiwiri. Wopanga filimu amabwereka makina, amalipira galimoto, amadyetsa anthu ambiri kwa masabata, ndipo chiyembekezo chake n'chakuti ndalama zidzabwerera anthu akamalipira pakhomo la holo, akamagula chimbale chenicheni, kapena wailesi ya kanema ikagula filimuyo. Koma filimu ikangotuluka, mnyamata mmodzi wokhala ndi kompyuta amaikopera m'makadi a foni mazanamazana. Ife timapereka timakobidi tathu, kaya ndi meticais kaya ndi kwacha, kwa mnyamatayo. Mwini kanyumba ka kanema amatolera pakhomo usiku uliwonse. Mayi amene adalira misozi m'filimuyo salandirapo ngakhale khobidi limodzi. Munthu akalowa m'munda mwanu usiku n'kuthyola chimanga, nkhani imafika kwa anyakwawa m'mawa mwake. Koma ife tomwe timathyola m'munda wa mayi ameneyu tsiku ndi tsiku, tikatero n'kumanena kuti taonani ntchito yake ilibe phindu. Ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, kuno kwathu kuli SOMAS, oteteza eni luso, koma mabungwe amenewa sangafike pamsika uliwonse wa m'malire. Mlonda woyamba ndi chikumbumtima cha woonera.

Tsopano ndiyankhe mantha a makolo, pakuti si mantha opanda pake. Alipo amuna amene amanyamula kamera kapena foni yaikulu n'kumauza atsikana kuti ndikusandutsa wotchuka, pamene cholinga chawo n'china. Alipo amene amajambula ana a eni popanda kupempha, n'kuika zithunzizo pa intaneti. Kulinso kuyenda usiku, ndi kujomba kusukulu. Zonsezi n'zoona. Koma tifunsane: atsikana amene atenga mimba m'midzi mwathu muno chaka chino, ndi angati adazitengera ku zisudzo? Ambiri adazitengera panjira ya kuchigayo, kumsika, kumigodi ya golide, ena m'nyumba momwe mwa achibale. Ngozi ili mwa mwamuna wopanda khalidwe, ndipo ameneyo amapezeka paliponse. Mbuzi ikagwidwa ndi fisi kudambo, sitileka kuweta mbuzi, timamanga khola lolimba ndi kuika mbusa. Ndiponso lamulo lilipo: kuyambira mu 2019 dziko lathu lidaletsa kukwatitsa kapena kutomera mwana wosakwana zaka 18. N'zomvetsa chisoni kuti khomo lina limakaniza mwana wa zaka 15 kuchita sewero la kusukulu masana poopa manyazi, koma likamulandirira chuma kwa bambo wamkulu silichita manyazi.

Ena amasokoneza munthu ndi chimene akusewera. Akaona mayi akusewera ngati hule kapena mfiti, amati ndi khalidwe lake. Koma tonse timamvera masewero a pawailesi, ndipo tikudziwa kuti amene amalankhula ngati chidakwa amatuluka m'nyumba youlutsira mawu ali bwinobwino n'kupita kwa mkazi wake. Mnyamata amene amasewera ngati Yudasi pa nyengo ya Pasaka sitimuthamangitsa m'mudzi. Bwanji mkazi yekha timamusenzetsa machimo a munthu wa m'nthano?

Ndipo tisanamizane kuti zimenezi n'zachilendo pa mwambo wathu. Ndani amatiuza nthano madzulo pamoto, kusintha mawu kukhala Kalulu, kenaka Fisi, kenaka Njovu, ife n'kumavomera kuti tili tonse? Ndi agogo aakazi. Ndani amalangiza namwali ndi nyimbo ndi zochitika zoyerekeza, kuti aone ndi maso zimene akumva ndi makutu? Ndi anamkungwi. Za kudambwe sitizinena panyuzi, koma aliyense amene adaimapo pabwalo akudziwa kuti gule sakoma popanda amayi oyimba ndi kuomba m'manja, ndipo Gule Wamkulu ameneyu bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Moçambique ndi Zambia pamodzi. Chaka ndi chaka anthu a kuno amapita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko amayi ndi anamwali amavina pamaso pa mafumu ndi atsogoleri a maiko, anthu n'kumaombera m'manja. Luso limeneli lili m'magazi mwa ana athu aakazi. Kamera yangobwera kudzalisunga ndi kuliyendetsa kutali.

Palinso china chimene tikutaya. Mafilimu amene ndatchulawa ambiri amalankhula Chingelezi kapena Chipwitikizi, chinenero chathu chimangolowamo mwa apo ndi apo. Komabe mu 2017 mayi Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, adatulutsa I Am Not a Witch, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, m'mene Chinyanja chikumveka, ndipo mu 2018 filimuyo idalandira mphoto ya BAFTA ku London. Kamtsikana kamene kadasewera, Maggie Mulubwa, kadali kasanajambulidwepo m'filimu. Mu 2016 bambo Azevedo adatulutsa Comboio de Sal e Açúcar, yonena za sitima ya pamtunda yochokera ku Nampula kulowera ku Malawi m'nthawi ya nkhondo, anthu atanyamula mchere kukasinthanitsa ndi shuga, ndipo mayi Melanie de Vales Rafael adasewera ngati namwino Rosa. Nanga nkhani zathu za kuno? Amayi amene adathawa nkhondo ndi ana kumsana kukakhala ku Ukwimi, kumene nthawi imeneyo kudali m'boma la Petauke, nabwerera mtendere utabwera mu 1992 kudzapeza midzi itasanduka tchire, nkhani yawo adzaisewera ndani m'Chinyanja ndi m'Chinsenga? Tikatsekera ana athu m'nyumba, adzabwera alendo kudzainena m'malo mwathu, mwina n'kuinena mokhota.

Tsono ndikupempha zinthu zochepa zimene zili m'manja mwathu. Inu makolo, mwana wamkazi akapempha kulowa gulu la zisudzo la kusukulu, la kumpingo kapena la achinyamata ophunzitsa za umoyo, musayankhe ndi ndodo. Pitani mukaone amene akutsogolera gululo, mufunse nthawi yoyeserera, muumirire kuti zizichitika masana ndiponso kuti pakhale mayi wamkulu woyang'anira. Muuzeni mwanayo kuti sukulu ndiyo yoyamba, chifukwa wosewera wosadziwa kuwerenga sangaloweze mawu ake, ndiponso sangawerenge pepala la pangano limene akumusainitsa. Aphunzirenso ntchito ina yamanja kapena yamutu yoti izimudyetsa pakati pa sewero ndi sewero.

Inu aphunzitsi, musamapatse atsikana mbali ya kutunga madzi ndi kulira maliro yokha. Apatseni mbali zazikulu, ndipo muwalole alembe okha masewero. Inu mafumu ndi anyakwawa, mlendo akabwera ndi kamera kudzajambula ana a m'mudzi mwanu, mufunseni dzina lake, kalata yomuloleza, kumene zithunzizo zikupita ndi chimene osewerawo alandire, ndipo zimenezi zinenedwe pamaso pa makolo ndi mboni. Wojambula wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere.

Inu eni tinyumba ta kanema ndi anyamata okopera makadi, mukudya thukuta la eni. Gulu la kuno likapanga sewero lake, ngakhale lojambulidwa pa foni, gwirizanani nalo mtengo musanalionetse, ndipo mugawane zapakhomo. Ndipo ife oonera, gulu la ana athu likaitana anthu pabwalo la sukulu, tisalowere kumpanda. Tilipire pakhomo monga timalipirira chigayo, ngakhale ndi mbale ya chimanga kapena ya mtedza.

Mayi Flora Suya adafika ku Zambia ndi pa mndandanda wa ku Nigeria chifukwa tsiku lina adaloledwa kukwera pansanja. Pano pa Fíngoè, ku Malowera ndi m'midzi ya m'malire alipo atsikana amene akayamba kuyerekeza mayendedwe a aphunzitsi kapena kalankhulidwe ka apongozi, bwalo lonse limagwa ndi phwete. Akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma pa nkhani iyi manyazi ndi athu makolo, ofera kuuna ndi ana. Tiyeni tiwalole atuluke masana, ife tili pomwepo kuwayang'anira, ndipo akasewera bwino tiwalipire.